Magalamu Sikisite a Mtedza

Nditasiya sukulu, aliyense m'mudzi mwathu anapeza pondigwiritsa ntchito. Wina akafuna kudziwa zolembedwa pa botolo la mankhwala, ankati itanani uja wa sitandade eyiti. Awiri akakangana ngati mwezi uno uli ndi masiku ochuluka kuposa watha, ankati itanani yemweyo. Sindinkakana, koma sindinkasekanso. Sitandade eyitiyo ndinaibwereza mpaka ana amene ndinkawabereka kumsana anandipeza m'kalasi, dzina langa osatuluka pa opita kusekondale. Chaka chomaliza ndinangochapa yunifolomu, n'kuipinda, n'kuiika pansi pa bokosi. Amayi anati ndafulumira kupsa mtima. Ine ndinati ndatopa.

Kwathu ndi kufupi ndi Chintheche, kumchenga kumene chinangwa chokha ndicho chimamera osadandaula. Bambo anapita ku Joni ndili wamng'ono ndipo anakhalitsa komweko, choncho pakhomo pathu panalibe bwato kapena ukonde. Timayankhula Chitonga. Zonse zimene ndalemba pano kuti amayi ananena, anazinena m'Chitonga, ndipo zinkaluma kuposa mmene zikuonekera apa.

Nthawi ya mphepo ya mwera chaka chimenecho, mkulu wanga anabwera kudzakhala nafe. Anakwatiwa kuesiteti ya mphira ndi mwamuna wa ku Thyolo, wocheka mitengo. Anafika ndi mimba yaikulu kutsogolo, kumbuyo mwana wamwamuna wa zaka pafupifupi ziwiri. Mwanayo anali atamuletsa kuyamwa mwadzidzidzi mimba ija itadziwika, monga amachitira onse. Mimbayo inkamuvuta mkulu wanga, ankangogona pamphasa n'kumapuma ngati wakwera phiri. Mwana anagwera m'manja mwanga. Palibe anandifunsa. Munthu wosapita kusukulu, wosakwatiwa, ali ndi ntchito yanji?

Amayi atamuona mdzukulu wawo anaomba m'manja.

"Taonani masaya! Taonani miyendo! Kuesiteti amadya bwino, si kuno."

Masaya analidi aakulu, mapazi ozungulira ndi onyezimira. Koma mwanayo sankaseka. Ngakhale kulira sankalira kwenikweni, ankangong'ung'udza pansipansi. Tsitsi lake linali lofiirira ndi lopyapyala ngati ndevu za chimanga. Ukamukhazika pamalo m'mawa, masana unkamupeza pomwepo, ntchentche zili pamilomo, iye osazithamangitsa.

Tsiku loyeza ana kuchipatala timangolitchula kuti sikelo. Tsikulo litafika ndinamubereka ndi kupita naye ndekha. Namwino anali mayi wa ku Dedza, maso otopa, wosadziwa Chitonga kupatula yewo. Anamupachika mwana m'kakabudula ka sikelo, n'kuyang'ana kamuvi, kenaka anagwira phazi la mwana ndi kulidina ndi chala chachikulu. Atachotsa chala, padatsala kadzenje, osabwerera, ngati mmene chimachitira chala pa kondowole, nsima yathu ya chinangwa.

"Mwana wako?"

"Wa akulu anga."

"Amadya chiyani?"

"Zimene tikudya ife."

"Ndiye kuti kondowole ndi msuzi."

Nyanja inali itakwiya masabata ambiri, mabwato ali pamtunda, ndipo usipa wochepa umene unkapezeka unkapita kwa amene ali ndi amuna kunyanja.

"Tamvera, mtsikana iwe. Uku si kunenepa, ndi kutupa. Muli madzi umu. Uzimuphikira phala lakelake, la mgaiwa ngati ulipo. Mtedza wosinja magalamu sikisite pa tsiku, uzigawa m'maphala ake onse. Uyambe pang'onopang'ono. Usipa ukapezeka, sinjanso. Akayamba kukana kudya kapena kutsegula m'mimba, uthamange naye kuno."

"Magalamu sikisite ndi masupuni angati?"

"Supuni ya kwanu ine ndaiona? Ena supuni yawo ndi chipande." Anandiyang'ana koyamba kumaso. "Chichewa chakochi n'cha kusukulu. Ukaona chochita. Wotsatira!"

Ndinatuluka ndi mawu amenewo m'mutu. Ukaona chochita. Moyo wanga wonse anthu akhala akundiuza zimenezo.

Lamlungu alamu anabwera panjinga. Ndi munthu wosayankhulayankhula, manja ake ankanunkha mphira ngakhale atasamba. Nditawafotokozera, anangogwedeza mutu, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi kathumba ka mtedza wosenda ndi mgaiwa pang'ono, zimene anapeza kwa anzawo a ku Kasungu ogwira nawo ntchito.

"Mlamu, ndi womwewu. Wina sindikudziwa kuti ndidzaupeza liti."

Kathumbako kanali kosafika m'bondo. Ndinakayang'ana n'kudziwa kuti kungotapa mwachisawawa sikungatheke. Ndikachepetsa, mwana sachira. Ndikachulutsa, mtedza utha mwana asanachire.

Amayi analibe nazo vuto.

"Mwana wamng'ono ngati uyu, kungotsina ndi zala basi. Mtedza wambiri umatsegula m'mimba."

"Anena magalamu sikisite, Ama."

"Magalamu ndi ndani?"

Pakhomo pathu tinkayeza ndi mbale, ndi chipande, ndi maso. Masikelo amene ndinkawadziwa anali atatu: ya ana kuchipatala, ya mphira kuesiteti, ndi ya m'sitolo ina ku Chintheche. Ndinamanga mtedza pang'ono m'kansalu ndi kupita kusitoloko. Panjira achinyamata a chipani anandiimitsa kufuna khadi. Ndinawaonetsa. Mmodzi anamasula kansalu kanga, n'kutapa mtedza, n'kuyamba kutafuna akundiyang'ana. Ndinamanganso kansaluko n'kupitirira. Masiku amenewo ngakhale wopsa mtima ngati ine ankadziwa potsekera pakamwa.

Mwini sitolo anali bambo wachikulire amene anakhala zaka zambiri ku Halale, wokonda kuseka anthu. Sikelo yake inali ya mbale ziwiri, ndi timiyala tachitsulo ta mapaundi ndi maaunsi. Inali nthawi imene boma linkati tisiye mapaundi tiyambe makilogalamu, koma timiyala take tinali takale tomwe tija.

"Abambo, ndithandizeni. Ndikufuna magalamu sikisite a mtedza uwu."

"Magalamu? Amenewo sanafike kuno, mwanawe. Ndamva kuti akadali pa basi ku Mzuzu."

Anthu amene anali pakhonde anaseka. Ine ndinaima. Ndinakumbukira tsiku lina m'kalasi, mphunzitsi akulemba pabolodi kuti aunsi imodzi imatsala pang'ono kukwana magalamu makumi atatu. Tsiku limenelo ndinaloweza kuti ndikhoze mayeso. Mayesowo sanafunse.

"Ikani maaunsi awiri."

"Ine sikelo iyi ndimayezera shuga ndi misomali. Lero ndiyezere zokazinga?"

"Ikani, abambo, dzuwa likupita."

Anaika kamwala, ine n'kumathira mtedza mpaka mbale ziwiri zinalingana. Ndinawonjezera njere zochepa, poti aunsi ndi yoperewera. Pansi pa kauntala panali kachitini kakang'ono ka mkaka kopanda kanthu. Ndinakapempha, n'kuthiramo mtedza uja. Unafika pamwamba pang'ono pa theka. Ndinatenga msomali wake womwewo ndi kukanda mzere kuzungulira m'kati.

"Sukulu yonse ija," anatero bambowo akupukuta mbale ya sikelo, "kuti udzayeze mtedza."

Ankaseka, sankafuna kundipweteka. Koma ndinayenda njira yonse yobwerera ndikumuyankha m'mutu, mayankho abwinoabwino amene sanabwere pa nthawi yake.

Kunyumba ndinathira mtedza uja mumtondo, n'kusinja, n'kusefa, n'kusinjanso zotsalira mpaka zonse zinadutsa m'sefa. Nditabwezera nsinjirozo m'kachitini, mzere wanga unamira. Zinadzaza mpaka pakamwa. Ndinayang'ana mumtondo ngati munali zina kale. Munalibe. Mtedza unali womwewo, koma ukasinjidwa ndi kusefedwa umafufuma, umatenga malo ambiri. Ndinamvetsa msanga: wamaso mpaka pamzere, wosinja kachitini kodzaza. Ndinawauza amayi kamodzi, iwo akusenda chinangwa, ndipo anati amva.

Masiku oyamba mwana ankalavula. Ndinkakhala naye pakhonde, supuni m'manja, iye kukamwa kotseka, ine kumunyengerera ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ndilibe mtima wa ana. Kangapo ndinaika mbale pansi ndi kupita kuseri kwa nyumba kukatukwana nkhuku. Koma pang'onopang'ono anayamba kumeza.

Ntchito zina sizinaime. Chinangwa chinkafuna kukumba, kuviika, kuvuula, kuyanika. Masiku amene ndinkapita kumunda ndinkasinja m'mamawa n'kusiya nsinjiro m'mbale kuti amayi amuphikire. Tsiku lina nditabwerako tinadya chigwada, masamba a chinangwa aja, ndipo chinali chokoma modabwitsa. Ndinatafuna kawiri n'kuima.

"Ama, nsinjiro izi mwazitenga kuti?"

"Zotsala."

"Zotsala pati?"

"Pamzere wako uja. Si iwe unakanda mzere? Ndathira mpaka pamzere, za mwana. Zotsalazo nditaye?"

"Mzere ndi wa mtedza wamaso! Wosinja ndi chodzaza. Ndinakuuzani."

"Ndiye kuti mtedza ukalowa mumtondo umabereka?"

"Subereka. Umangofufuma. Pakati pake pamalowa mpweya."

"Mpweya!" Amayi anatembenukira kwa mkulu wanga amene anali gone pamphasa. "Wamva? Tsopano mwana wako tizimudyetsa mpweya, woyeza bwinobwino."

Mkulu wanga anaseka pang'ono, n'kugwira mimba. Ine sindinaseke. Masiku onse amene ndinali kumunda, mwana ankadya moperewera, ndipo zake tinkadya ife akuluakulu, ine ndemwe n'kumanyambita zala.

M'mawa mwake ndinaganiza zowaonetsa. Ndinayeza mtedza mpaka pamzere katatu. Muyeso woyamba ndinausiya wamaso. Wachiwiri ndinasinja nsinjiro. Wachitatu ndinakazinga n'kupondaponda mpaka unasanduka chiponde, kambulunga kochepa ngati dzira la nkhuku. Ndinaika zitatuzo palichero, pamaso pawo.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino, aphunzitsi. Chochuluka n'chiti pamenepa?"

"Zonse n'zofanana."

"Mulu uwu ndi kadzira aka n'zofanana?"

"Mukaziika pa sikelo, inde."

"Ine sikelo ndilibe. Maso ndili nawo." Anatsina chiponde n'kulawa. "Mchere wachepa."

Kuyambira tsiku limenelo phala la mwana sindinalisiyirenso munthu. Ndikapita kumunda ndinkapita mochedwa, ndikabwerako msanga, amayi n'kumadandaula kuti chinangwa chikuwolera m'madzi.

Kenaka panabuka za ana a eni. Kwathu mtondo ukalira, ana a nyumba zoyandikana amamva. Nsinjiro zimanunkhira patali. Ndikamakhala pansi ndi mbale, ndinkapeza ana ataima mozungulira, manja kumbuyo, maso m'mbale. Sapempha, amangoima. Ndipo kwathu mwana sadya anzake akuyang'ana. Chimenecho si lamulo loti munthu amakuuza, umangobadwa nalo. Amayi ankati ndiwapatse supuni imodziimodzi. Ndinawapatsa tsiku loyamba, ndi lachiwiri. Ana aja ankameza msanga, wathuyu akadali kusinkhasinkha ngati atsegule pakamwa. Mbale inkatha iye atadya zosakwana theka.

Tsiku lachitatu ndinanyamula mwana ndi mbale, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Kunja ndinamva amayi akuwauza ana aja kuti pitani kwanu, kuno kwabwera boma. Madzulo ake nkhani inali itafika kuchitsime. Mayi wina, amene mwana wake ndinamutsekera kunja, anandilonjera mokweza kuti onse amve.

"Mwatandala, a Womana? Mwasiya mutakhoma?"

"Ndakhoma. Mwana wanu akatupa mapazi mubwere naye, ndidzatsegula."

Sindikanayenera kunena choncho, anthu anatero. Mwina. Koma dzina lija linandimamatira. Ana ankaliimba ndikamadutsa. Amayi anati ndawachititsa manyazi pamudzi pamene akhala moyo wawo wonse osamana munthu ngakhale mchere. Zimenezo zinali zoona. Amayi sanamanepo munthu. Ankatha kupereka ufa womaliza n'kugona ndi njala, ndipo mwana wodwala akanagona nayo limodzi.

Patapita masabata angapo mwana anayamba kusintha, koma osati mmene ndinkayembekezera. Masaya aja anagwa. Mapazi anaphwa, khungu n'kukhwinyata ngati la nkhalamba. Miyendo inatsala timitengo. Nthiti zinayamba kuwerengeka. Ndikamusambitsa ndinkachita mantha kumugwira.

"Anabwera kuno ali mwana," anatero amayi. "Taona wamusandutsa chiyani."

Tsiku la sikelo anati apita nawo kuti akamve okha. Tinakhala pamzere dzuwa lonse la m'mawa. Namwino yemwe uja anamupachika mwana, n'kuyang'ana kamuvi, n'kuyang'ana pamene kanali ulendo watha.

"Watsika," anatero.

Amayi Chichewa amamva chapamsika, chogulira mchere ndi sopo. Koma mawu amenewo anawamva bwino lomwe. Anaika manja kumutu pomwepo, pamaso pa amayi onse a pamzere.

Namwino anadina phazi la mwana. Kadzenje kanaoneka pang'ono n'kubwerera.

"Auze agogowa kuti asalire. Madzi aja ndi amene akuchoka. Amayamba watsika, kenaka n'kukwera. Akudya?"

"Akudya."

"Usasiye. Wotsatira!"

Ndinawamasulira amayi m'Chitonga tili pakhonde la chipatala. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iye wanena mawu ochepa. Iwe ukunena ambiri. Enawo ndi ako."

"Ama, afunseni ena amene amva."

"Ndamva ndekha. Watsika. Sikelo yako yomweyo, imene umaikhulupirira kuposa amako, yanena kuti watsika."

Masabata onse aja ndinkawauza kuti maso amanama, sikelo ndiyo imanena zoona. Tsopano maso ndi sikelo zinali kumbali imodzi, ine ndili ndekha ndi mawu a mayi wotopa wa ku Dedza amene sanandiyang'ane n'komwe powanena.

Kunyumba amayi anagamula kuti mtedza ndi umene ukumuumitsa mwana. Anati asadyenso. M'mawa mwake anamubereka okha ndi kupita naye kwa munthu wina wa mankhwala a zitsamba chakumtunda, ndipo anabwerako mwana ali ndi kachingwe m'chiuno. Ine ndinapita pamene ndinkasunga kachitini kanga, pamwamba pa khoma. Panalibe. Ndinafunafuna nyumba yonse. Patapita masiku ndinakaona pawindo la amayi, kataikidwa chivindikiro ndi kachingwe ka nsanza, kakununkha palafini. Anali atakapereka kwa wokhoma zitini kuti akasandutse nyali ya koloboyi.

"Tsopano kakugwira ntchito yooneka," anatero.

Chimene chinandipweteka si amayi. Ndi mkulu wanga. Anandiitana masana ena amayi ali kumunda, n'kundigwira dzanja. Nkhope yake inali itatupa ndi mimba ndi kulira.

"Iwe, ndiuze zoona. Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikuchita zimene anena kuchipatala."

"Sindinafunse zimenezo. Akafa mwanayu, udzati chiyani kwa bambo ake? Udzati ndinayeza bwino?"

Sindinkadziwa. Ndinali mtsikana wolephera sitandade eyiti, wodziwa kuti aunsi imatsala pang'ono kukwana magalamu makumi atatu, basi. Za madzi a m'thupi la mwana ndinangouzidwa. Mwana akanafa, mudzi wonse ukanadziwa amene anamupha: uja wotseka chitseko, uja woyeza chakudya ngati misomali.

Ndinayang'ana mwana. Anali pamphasa, woonda ngati kambalame kothothoka nthenga. Ntchentche inatera pamlomo pake. Anakweza dzanja n'kuithamangitsa.

N'kanthu kakang'ono. Munthu wina sakanakaona. Koma ine ndinali nditakhala naye tsiku ndi tsiku, ndipo sindinamuonepo akuchita zimenezo.

"Sindisiya," ndinatero. "Ukafuna, uwauze amayi."

Sanawauze.

Kachitini kunalibe, ndipo kubwerera kusitolo kuja kukasekedwanso ndinalibe mphamvu. Koma ndinali nditathira mtedza m'kachitini kaja m'mawa uliwonse, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatapa kawiri ndi dzanja langa, osadzazitsa mpaka kugwa, umafika pamzere. Dzanja langa, osati la amayi, lomwe ndi lalikulu, kapena la mkulu wanga. Ndinayamba kuyeza choncho, mtedza usanasinjidwe, kuti za kufufuma zisandisokonezenso.

Mtondo wa pakhomo sindikanaugwiritsa ntchito. Ndinkamanga mtedza ndi mgaiwa m'nsonga ya chitenje, kapoto m'dengu pansi pa khasu, mwana kumsana, n'kunena kuti ndikupita kukavuula chinangwa. Kudambo kumene timaviika chinangwa kuli mwala wosalala. Pamenepo ndinkapera mtedza ndi mwala unzake, n'kukoleza moto wa tinkhuni, n'kuphika. Malowo amanunkha chinangwa chovunda, udzudzu uli ponseponse ngakhale masana. Ana a eni safikako. Ndinkakhala pamenepo ndi mwana wa munthu wina pamiyendo, utsi m'maso, n'kumaganiza za anzanga amene nthawi imeneyo anali m'kalasi kusekondale, atavala nsapato. Phala lina ndinkabwera nalo m'kapoto n'kumudyetsa kuseri kwa nyumba.

Amayi ankadziwa. Kathumba kankatsika, ndipo iwo si akhungu. Tsiku lina anakanyamula n'kukagwedeza, n'kundiyang'ana, n'kukabwezera pamalo pake. Tinakhala choncho m'nyumba imodzi, kuyankhulana za madzi ndi nkhuni zokha.

Mwana anayamba kuvuta. Ankalira tsopano, kulira kwenikweni kosokosa. Ankandikoka tsitsi. Phala likachedwa ankamenya dengu ndi kadzanja kake. Tsiku lina ndikumupukuta pakamwa anandiluma chala mpaka ndinakuwa, ndipo ndinatsala pang'ono kumumenya. Mwera utaleka usipa unayamba kuoneka, n'kumasinjako pang'ono pamwala womwe uja.

Sikelo yotsatira ndinapita ndekha. Usiku wake sindinagone bwino. Namwino anamupachika mwana, mwana n'kumamenya miyendo ndi kukuwa, kamuvi kakuvinavina. Anadikira kuti kaime.

"Wakwera," anatero, osadzutsa mutu. "Pitiriza. Wotsatira!"

Basi. Ndinaima pang'ono kudikira kaya chiyani. Mayi wa kumbuyo kwanga anandikankha ndi chigongono kuti ndisunthe.

Nditafika kunyumba ndinawauza. Mkulu wanga analira, n'kumukumbatira mwana mpaka mwanayo anakwiya. Amayi anagwira kachingwe ka m'chiuno mwa mdzukulu wawo, n'kukakonza bwinobwino.

"Ndinadziwa kuti munthu uja mankhwala ake ndi amphamvu."

Ine ndinali nditatopa. Ndinalowa m'nyumba n'kugona masana, chinthu chimene amayi salola, ndipo tsiku limenelo sanandidzutse.

Mtedza unatha patangopita nthawi yochepa. Ndinakung'untha kathumba, n'kutola njere zomaliza m'makona. Alamu anabweretsa wina wochepa, ndipo pofika nthawi imeneyo mwana ankadya chilichonse chimene wapeza, ngakhale za m'mbale za eni. Mkulu wanga anabereka mwana wamkazi. Pobwerera kuesiteti anatenga wakhandayo, wamkuluyu n'kumusiya kwa ife, poti akuti anandizolowera. Apanso palibe anandifunsa.

Panopa amathamanga ndi ana aja amene ndinkawatsekera kunja. Tsitsi lake ndi lakuda. Amaba mango, amabwera ndi zilonda m'mawondo. Kachingwe kaja kanaduka kalekale, amayi n'kumangirira kena. Nyali ya koloboyi ija ikadali pawindo, ndipo ndikamathiramo palafini ndimauona mzere wanga m'kati, wakuda ndi mwaye.

Anachedwa kuyankhula. Amayi ankamuphunzitsa kuti azinditchula mayi wamng'ono, monga ziyenera kukhalira. Iye anaphunzira kwa anzake. M'mawa wina ndikusesa pabwalo anabwera ndi mbale yake, n'kundimenya nayo pamwendo.

"Womana," anatero, momveka bwino. "Phala."

Amayi anaseka mpaka anakhala pansi. Ine ndinaika tsache pakhoma, n'kupita kukatapa mtedza, kawiri.